Kuweta gulo wandevu mu Blantyre kumalira chilolezo, magetsi ndi ukhondo

BLANTYRE – Munthu wokhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri yemwe akufuna kuweta buluzi wa ku Australia wotchedwa bearded dragon ayenera kuyamba wapeza zinthu zitatu asanatulutse ndalama: chilolezo cha boma, magetsi odalirika komanso njira yotetezera ana a pakhomo ku matenda otsegula m'mimba.

Buluziyu ndi mmodzi mwa nyama zokwawa zomwe zimawetedwa kwambiri m'nyumba ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. Zithunzi zake zili mbwee pa Facebook ndi TikTok, ndipo ku Johannesburg, komwe Amalawi ambiri amapita pa mabasi onyamukira pa Wenela kudzera pa chipata cha Mwanza, amagulitsidwa m'masitolo a ziweto za m'nyumba.

Izi zikutanthauza kuti wogwira ntchito pa chipata cholowera m'dziko, mlangizi wa ziweto kapena mlangizi wa zaumoyo akhoza kufunsidwa za nyamayi nthawi ina iliyonse. Ogulitsa amakonda kunena kuti ndi chiweto chosavuta, chofatsa komanso choyenera ana. Kufatsako n'koona, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buluziyu ndi wa m'chipululu, ndipo womuweta amasenza udindo womupezera dzuwa, kutentha ndi chakudya cha m'chipululumo tsiku lililonse kwa zaka 10 kapena kuposerapo.

Ndi nyama yotani

Akatswiri a sayansi amamutcha Pogona vitticeps, dzina lomwe linachokera pa ntchito ya katswiri wa ku Germany Ernst Ahl, yemwe anamulemba m'mabuku mu 1926. Kwawo ndi m'madera ouma a pakati ndi kum'mawa kwa Australia, komwe mvula imagwa yochepa ndipo dzuwa limaswa mtengo.

Ali m'banja limodzi ndi gulo, buluzi wa mutu wobiriwira uja amakwera mitengo ikuluikulu m'madera ambiri a m'dziko muno. N'chifukwa chake dzina loti gulo wandevu limamuyenera. Ndevuzo si ubweya ayi, koma khungu la pakhosi lokhala ndi mamba osongoka, lomwe amalifufumitsa ndi kulidetsa akakwiya, akachita mantha kapena akamafuna wamkazi.

Monga mbale wake wa kuno, naye amagwedeza mutu posonyeza kuti malowo ndi ake. Nthawi zina amatukula mwendo wakutsogolo n'kuuzunguza pang'onopang'ono ngati akubayibitsa, ndipo ichi kawirikawiri ndi chizindikiro chogonjera mnzake wamphamvu.

Akakula amatalika masentimita 45 mpaka 60 kuphatikizapo mchira, ndipo amalemera pafupifupi magalamu 300 mpaka 500. Mchira wake ukaduka sumeranso ngati wa nalimata, choncho kumunyamula pogwira mchira ndi kumulemaza mpaka kalekale.

Dziko la Australia linaletsa kugulitsa kunja nyama zake zamoyo za m'tchire m'zaka za m'ma 1960. Agulo andevu onse omwe ali pamsika lero ndi oswedwa m'makola a anthu m'mayiko ena. Wogulitsa yemwe akunena kuti wake wachokera ku Australia kumene ndiye kuti akunama, apo ayi akuvomera mlandu.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo lalikulu loona za nyama za m'tchire m'dziko muno ndi la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Nthambi yoona za nyama za m'tchire ndi malo osungirako zachilengedwe ndiyo imayendetsa lamuloli.

Mwa zina, lamuloli lili ndi chiphaso cha munthu wofuna kusunga nyama ya m'tchire m'khola, ndipo limafunanso chilolezo polowetsa kapena kutulutsa nyama zotetezedwa m'dziko. Litakonzedwa mu 2017, chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka chinakwera kufika pa zaka 30 za ukaidi.

Kupatula apo, nyama yamoyo yochokera kunja imayenera kukhala ndi chilolezo cha nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto, komanso kalata ya dokotala wa ziweto wa dziko lomwe ikuchokera. Cholinga chake ndi kutseka khomo lomwe matenda a nyama amalowera.

Malawi analowa mu 1982 m'pangano la mayiko la CITES, lomwe linasainidwa ku Washington mu 1973 pofuna kuwongolera malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo chakutha. Gulo wandevu sali pa mndandanda wa panganoli kaamba koti si wosowa. Komabe kusapezeka pa mndandandawo sikuchotsa kufunika kwa zilolezo za m'dziko muno.

Munthu wobisa buluzi m'katoni kapena m'thumba la zovala pa basi yochokera ku Johannesburg amakhala akudutsa naye m'mayiko a Zimbabwe ndi Mozambique, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ulendowo umatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo nyamayo ikhoza kufa ndi kutentha kapena ludzu isanaone n'komwe chipata cha Mwanza. Safunsa anadya phula: njira yabwino ndi kulembera nthambi ziwirizi nyamayo isanagulidwe.

Khola, kutentha ndi kuwala

Buluzi sapanga kutentha m'thupi mwake ngati nkhuku kapena galu. Amadalira kuothera dzuwa kuti magazi ayende bwino ndiponso kuti chakudya chigayike. Akazizidwa, chakudya chimangokhala m'mimba osagayika, ndipo amayamba kufooka.

Malinga ndi malangizo a bungwe loteteza nyama ku nkhanza la ku Britain la RSPCA, khola la gulo wandevu mmodzi wamkulu liyenera kukhala losachepera masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu. Mbali imodzi ya kholalo iyenera kutentha madigiri 38 mpaka 42, pomwe mbali inayo ikhale pa madigiri 22 mpaka 26.

Kusiyanaku n'kofunika chifukwa buluziyo amadzisankhira yekha pokhala. Akatenthedwa amathawira kozizira, akazizidwa amabwerera pansi pa babu. Khola laling'ono limatentha mofanana paliponse, ndipo nyamayo imasowa kothawira. Pachifukwa ichi choyezera kutentha chimafunika mbali zonse ziwiri, pakuti dzanja la munthu silingasiyanitse madigiri 35 ndi 45.

Kutentha pakokha sikukwanira. Buluziyu amafunanso kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa UVB, komwe kumathandiza khungu lake kupanga vitamini D3. Popanda vitaminiyu thupi silingathe kutenga kashiamu m'chakudya, ndipo limayamba kumuchotsa m'mafupa.

Zotsatira zake ndi matenda ofewetsa mafupa, omwe ndi amodzi mwa matenda ofala kwambiri pakati pa abuluzi owetedwa. Nsagwada zimafewa, miyendo imatupa ndi kunjenjemera, msana umapindika, ndipo pomaliza nyamayo imalephera kuyenda ndi kudya. Matendawa amayamba mwakachetechete moti mwini amawazindikira mafupa atawonongeka kale.

Mababu wamba a m'nyumba satulutsa kuwala kwa UVB. Pamafunika babu lapadera lalitali la nyama zokwawa, lomwe limayaka maola pafupifupi 12 patsiku. Babuli limasiya kutulutsa kuwala kofunikako pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuyakabe, choncho limayenera kusinthidwa pa nthawi yake. Ofuna kuweta ayambe adziwa komwe azikapeza lina likatha mphamvu.

Galasi la zenera limatchinga kuwala kwa UVB, kotero kuika khola pafupi ndi zenera sikuthandiza. Kuika khola la magalasi padzuwa n'koopsa kwambiri chifukwa m'katimo mumatentha ngati m'galimoto yotseka, ndipo buluzi akhoza kufa m'kanthawi kochepa.

Pansi pa khola ena amayala mchenga, koma buluzi wamng'ono amaumeza pamodzi ndi chakudya ndipo ukhoza kutseka matumbo. Matailosi kapena mapepala ndi osavuta kuyeretsa. Mchenga wa m'mitsinje ya Mudi ndi Nasolo, yomwe imalandira zinyalala ndi madzi oipa a mumzinda, si woyenera m'khola la nyama iliyonse ya m'nyumba.

Gulo wandevu ndi nyama yokhala yokha. Amuna awiri akakhala khola limodzi amamenyana mpaka kudulana zala ndi michira, ndipo wamkulu akhoza kudya wamng'ono.

Nyengo ya Blantyre ndi nkhani ya magetsi

Anthu ambiri amaganiza kuti poti Malawi ndi dziko lotentha, buluzi wa m'chipululu sangavutike. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera, ndipo nyengo yake imasiyana ndi ya Nsanje kapena Chikwawa.

M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kufika pa madigiri 13 kapena kutsikirapo, ndipo chiperoni chikabwera, mitambo ndi mvula yowaza zimatha kubisa dzuwa kwa masiku angapo. Buluziyu amapirira usiku wozizirirapo, koma m'khola musamatsike kwambiri kupyola madigiri 15, ndipo m'mawa amafuna pootha.

M'dzinja vuto limakhala chinyezi. Nyamayi imafuna mpweya wouma, wa chinyezi cha 30 mpaka 40 peresenti, pomwe mu January ndi February chinyezi cha mu Blantyre chimapitirira 70 peresenti. M'nyumba ya mazenera ang'onoang'ono yomwe zipupa zake zimachita nkhungu, buluziyu amagwidwa msanga ndi matenda a m'mapapo ndi a pakhungu.

Zonsezi zikufika pa magetsi. Babu lotenthetsa la mawati 100 likayaka maola 12 limadya yuniti imodzi ndi pang'ono patsiku, omwe ndi mayunitsi 36 pamwezi. Kuphatikiza babu la UVB, banja liyenera kupatula mayunitsi pafupifupi 45 mpaka 50 mwezi ndi mwezi a buluzi yekha. Pa malo a lendi pomwe mabanja angapo amasonkherana mita imodzi, imeneyi ndi nkhani yoyenera kukambirana ndi alandilodi komanso anzawo a pa mdadada isanasanduke mkangano.

Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku mpaka ntchito yokonza itatha mu 2023. Mu March 2023 namondwe Freddy anasiyanso madera ambiri a Blantyre mumdima.

Munthu amapirira mdima ndi kandulo, koma buluzi wodalira babu amasowa dzuwa lake lonse. Woweta ayenera kukhala ndi sola kapena batire lokwanira kuyatsa mababuwo. Magetsi akazima kwa maola ochepa, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limathandiza. Kuika mbaula ya makala m'chipinda chotseka n'kolakwika kotheratu, chifukwa mpweya wa makala umapha nyama ndi anthu omwe.

Mwayi womwe Blantyre ali nawo kuposa mizinda ya ku Ulaya ndi dzuwa lenileni. Khola la waya loikidwa panja kwa maola angapo, lokhala ndi mbali yamthunzi ndi madzi, limapereka kuwala kwa UVB kwaulere. Kholalo liyenera kukhala lolimba ndi lotseka pamwamba kaamba ka amphaka, agalu, akhwangwala ndi akabawi, ndipo lisaikidwe podutsa linthumbu.

Chakudya chake

Gulo wandevu amadya tizilombo ndi masamba omwe. Akali wamng'ono amafuna tizilombo tamoyo tsiku lililonse kuti akule. Akakula, gawo lalikulu la chakudya chake limakhala masamba, ndipo tizilombo amapatsidwa kawiri kapena katatu pa sabata kuti asanenepe mopyola muyezo.

Masamba ambiri oyenera amapezeka pa msika wa Ndirande, Limbe kapena Zingwangwa. Mpiru, nkhwani ndi dzungu lopala n'zabwino, bola zitsukidwe bwino ndi kudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono. Zimaperekedwa zaziwisi, zopanda mchere, mafuta kapena nsinjiro.

Sipinachi ndi bonongwe zili ndi michere yomwe imamanga kashiamu kuti asalowe m'thupi, choncho zisakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku. Letesi ndi madzi okhaokha. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni yemwe amachoka posinja ndi pophika, ndiye si choyenera. Mapeyala ndi anyezi ndi zoletsedwa. Zipatso monga papaya ndi mango ziperekedwe mwa apo ndi apo chifukwa shuga wochuluka amawononga mano.

Nsima, buledi ndi mkaka si chakudya cha buluzi. Mwambo wopatsa chiweto zotsala za pa mbale, womwe umagwira ntchito pa galu ndi nkhuku, pano umabweretsa matenda.

Pa tizilombo, lamulo lodziwika ndi lakuti kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso a buluziyo. Tizilomboto timayenera kudyetsedwa masamba tisanaperekedwe, kenako n'kuwazidwa ufa wa kashiamu. Nkhululu zing'onozing'ono, ziwala ndi mphutsi za ntchentche zakuda zomwe alimi ena amaweta podyetsa nkhuku ndi nsomba ndi zina mwa zoyenera. Ngumbi zili ndi mafuta ambiri ndipo zimangopezeka mvula ikayamba.

Kutuma ana kukagwira ziwala m'minda kumaoneka ngati njira yotchipa, koma kuli ndi zoopsa zake. Chifikireni mbozi zowononga chimanga m'dziko muno mu nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, minda yambiri imapoperedwa mankhwala, ndipo chiwala chochokera m'munda wotero chimanyamula mankhwalawo. Mphemvu za m'nyumba nazo zimakhala zitadutsa pa mankhwala ophera tizilombo kapena m'chimbudzi.

Nunkhadala, chiwala cha mawangamawanga chonunkha chija, amadya zomera zaululu ndipo amasunga ululuwo m'thupi. Ku America kafukufuku anatsimikiza kuti chiphaniphani chimodzi chikhoza kupha gulo wandevu, choncho tizilombo tonse towala usiku tisayandikire khola. Woweta weniweni amaweta tizilombo take pakhomo, ndipo imeneyo ndi ntchito ina payokha.

Umoyo wa ana ndi odwala

Mfundo yomwe ikukhudza kwambiri alangizi a zaumoyo ndi ya tizilombo ta salmonella. Abuluzi, afulu ndi njoka amakhala ndi tizilomboti m'matumbo popanda kudwala. Timatuluka ndi ndowe, n'kufalikira pakhungu la nyamayo, m'khola, pa mbale zake ndi paliponse pomwe yayenda.

Munthu akameza tizilomboti amayamba kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kumva kupotokola m'mimba pakapita maola 6 mpaka masiku 6. Ambiri amachira m'masiku 4 mpaka 7, koma kwa makanda, okalamba ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, tizilomboti timatha kulowa m'magazi.

Likulu loona za matenda la ku America la CDC linapeza kuti pakati pa 2012 ndi 2014 anthu 166 m'zigawo 36 za dzikolo anadwala salmonella yochokera kwa agulo andevu, ndipo oposa theka anali ana a zaka 5 kapena zocheperapo. Miliri ina yotere inachitikanso mu 2022 ndi mu 2024. Likululi limalangiza kuti ana osakwana zaka 5, anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo komanso ofooka chitetezo asamagwire nyama zokwawa.

Langizoli ndi lolemera kwambiri mu Blantyre. Kafukufuku wa zaka zambiri pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth wasonyeza kuti mitundu ina ya salmonella ndi imodzi mwa zomwe zimayambitsa kwambiri matenda a m'magazi pakati pa ana odwala malungo, operewera zakudya m'thupi ndi ochepa magazi, komanso akuluakulu omwe ali ndi HIV. Mitundu yofala pa chipatalapo si ya abuluzi, koma anthu omwe ali pachiopsezo ndi omwewo.

Makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa akukumbukira kafukufuku wa katemera wa thaifodi yemwe anachitika m'madera awo mu 2018 pa ana oposa 28,000, katemerayo asanaperekedwe dziko lonse mu 2023. Thaifodi amayambitsidwa ndi mtundu wa salmonella womwe umapezeka mwa anthu okha. Katemera ameneyu sateteza mwana ku mitundu yochokera kwa buluzi.

Chitetezo ndi ukhondo basi. Wogwira buluzi kapena khola lake asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo. Nyamayo isapsompsonedwe, isayende pa mphasa pomwe pamakwawa mwana, ndipo isafike kukhitchini. Ziwiya zake zitsukiridwe panja m'beseni lakelake, osati lotsukira mbale kapena losambitsira khanda, ndipo madzi ake atayidwe m'chimbudzi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri a iwo amakhala m'madera othithikana momwe madzi amagulidwa pa kiyosiki ndi chidebe. Pa nyumba ya zipinda ziwiri yomwe muli khanda, malamulo a ukhondowa ndi ovuta kuwatsata. Banja lotero limachita bwino kudikira ana akule.

Akadwala kapena mwini akatopa

Buluzi wathanzi amakhala tcheru, maso ali gwa, ndipo poyenda amatukula mimba yake pansi. Kukana chakudya kwa masiku ambiri, maso olowa m'kati, kupuma ndi kukamwa pomwe sikukutentha, mamina, kutupa miyendo ndi kuwonda kwa mchira ndi zizindikiro zoti afunika dokotala wa ziweto.

M'nyengo yozizira wamkulu amatha kuchepetsa kudya ndi kugona kwa masabata angapo, ndipo ichi ndi chilengedwe chake. Kusiyanitsa tulo timeneti ndi matenda kumafuna kumuyeza pa sikelo kawirikawiri, pakuti wogona mwachilengedwe sawonda kwambiri. Wamkazi amaikira mazira ngakhale popanda wamwamuna, ndipo akasowa dothi lofewa lokumbamo mazirawo amatha kukanirira m'mimba.

Ntchito yaikulu ya madokotala ndi alangizi a ziweto m'dziko muno ndi ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku, agalu ndi amphaka. Ofuna kuweta buluzi ayambe afunsa ngati pali dokotala wodziwa za nyama zokwawa pafupi nawo, chifukwa mankhwala ena omwe amapatsidwa galu kapena nkhuku amavulaza buluzi.

Zaka 10 mpaka 15 ndi nthawi yaitali. Mwana yemwe wagulidwira buluzi ali Sitandade 5 amamaliza Fomu 4 nyamayo ikadali moyo, ndipo wogwira ntchito m'boma akhoza kusamutsidwa kangapo m'zaka zimenezo. Ambiri akatopa amaganiza zokaitaya ku phiri.

Kutaya nyama yachilendo m'tchire ndi nkhanza kwa nyamayo komanso chiopsezo ku zachilengedwe. Ikhoza kufa ndi chisanu, kapena kupatsira abuluzi a kuno matenda omwe sanakumanepo nawo. Amalawi akudziwa kale zomwe chinthu chachilendo chimachita chikapeza malo. Namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America ndipo anafalitsidwa m'mayiko ambiri ngati duwa lokongoletsera, wakhala akutseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi.

Ku Florida m'dziko la America, gulo wa mutu wofiira wochokera kumadzulo kwa Africa, yemwe anafika kumeneko kudzera m'malonda a ziweto, anathawira m'tchire m'zaka za m'ma 1970 ndipo anafalikira m'madera ambiri. Wolephera kusamala nyama yake adziwitse nthambi ya nyama za m'tchire. Malo a Lilongwe Wildlife Centre, omwe amagwira ntchito limodzi ndi nthambiyi, akhala akulandira nyama zolandidwa kwa oweta ndi ogulitsa mosatsata malamulo.

Abale ake a m'dziko muno

Vuto lina limabwera pomwe munthu walephera kupeza buluzi wa kunja n'kuganiza zogwira gulo, nanzikambe, ng'azi kapena fulu wa kuno kuti amutsekere m'khola. Nyama yogwidwa m'tchire sizolowera khola ngati yoswedwa m'manja mwa anthu. Kawirikawiri imakana chakudya, imadzivulaza pofuna kuthawa ndipo imafa msanga.

Ng'azi, afulu a pamtunda ndi anamzikambe ambiri ali pa mndandanda wa CITES. Anamzikambe ang'onoang'ono a m'nkhalango za mu Africa anawonjezedwa pa mndandandawo pa msonkhano womwe unachitikira ku Johannesburg mu 2016, kaamba ka kukula kwa malonda awo.

Malawi ali ndi mitundu yomwe sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nanzikambe wa pa phiri la Mulanje anapatsidwa dzina la sayansi loti Nadzikambia mlanjensis, ndipo dzina loyambalo, lomwe linakhazikitsidwa mu 2006, linachokera ku Chichewa.

M'mapiri a Malawi Hills m'boma la Nsanje muli kananzikambe kotalika masentimita osapitirira 6 kotchedwa Rhampholeon chapmanorum, komwe kanalembedwa m'mabuku mu 1992. Anthu ankaopa kuti kanatha, mpaka akatswiri a ku South Africa ndi a nthambi yosunga mbiri ndi zinthu zakale ya Museums of Malawi anakapezanso mu 2016. Zotsatira za kafukufuku wawo, zomwe zinatuluka mu 2021, zinasonyeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya nkhalango yomwe kamakhalamo inatha pakati pa 1984 ndi 2019.

Gulo wa kuno ambiri amamuopa ndi kumugenda poganiza kuti ali ndi ululu, chikhalirecho alibe. Amadya nyerere, chiswe, mbozi ndi tizilombo tina towononga mbewu. Chomwe amafuna ndi mitengo ikuluikulu, yomwe yakhala ikutha m'mapiri a Ndirande, Soche, Bangwe ndi Michiru kaamba ka nkhuni, makala ndi malo omangapo nyumba.

Mwana wokonda abuluzi akhoza kuphunzira zambiri poyang'ana gulo pa mtengo wa mango wa pakhomo kapena pasukulu, popanda babu, chilolezo kapena khola. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Limbe, limathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu, pomwe malo otetezedwa a Michiru, omwe ayandikana ndi Chilomoni, akhala akulandira ana a sukulu ofuna kuphunzira za nyama ndi mitengo.

Kwa omwe atsimikizabe mtima kuweta gulo wandevu, ndondomeko yake ndi yodziwikiratu. Chilolezo chipezeke choyamba, khola limangidwe ndi kuyesedwa kutentha kwa masiku angapo lili lopanda kanthu, gwero la tizilombo ndi mababu lidziwike, dokotala apezeke, ndipo nyamayo ibwere pomalizira penipeni.